Ndaonda, Koma Si Matenda Aja

Okondedwa bambo a Naima,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Joniko? Ntchito ya m'shopu ikuyenda? Kuno ana ali bwino, alihamudulila. Koma ine mtima suli m'malo. Foni yanga simukuyankha, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira a Amidu a thiransipoti.

Ndikudziwa zimene mwamva. Amayi anu anakutumizirani chithunzi changa cha pa ukwati wa Esime, n'kukuuzani kuti ndaonda ngati munthu wa matenda aja, kuti mwina ndayamba kuyendayenda poti inu kulibe. Imvaninso mbali yanga.

Munandisiya ndili wonenepa, inu n'kumanyadira kuti mkazi wanu akudya bwino. Zimene zinatsatira simunazione. Mutu unkandiwawa cha kunkhongoku, m'makutu mukungolira. Ndikayenda pang'ono, wefuwefu. Tsiku lina ndikukazinga mandasi pamsika ndinangoona mdima, n'kugwera pafupi ndi chiwaya cha mafuta owira. Pakanapanda mayi wogulitsa usipa pambali panga kundikoka, bwenzi nditapsa nkhope.

Kuchipatala anandiyeza, n'kubwerezanso, poganiza kuti makina alakwitsa. Anamwino anati bipi yakwera kwambiri, shuga nayenso ali pakhomo, ndipo thupi lalikululi likulemetsa mtima. Anati aonapo azimayi ambiri a msinkhu wanga atafa ziwalo mbali imodzi. Anandipatsa mankhwala, n'kundilangiza kuchepetsa mchere, mafuta ndi zotsekemera, komanso kumayenda pansi.

Ndinamvera. Kabaza ndinasiya kukwera, kumsika ndimapita wapansi. Mandasi ndimagulitsa koma sindilawa. Nsomba ndimangowiritsa ndi tomato. Mutu unasiya, bipi inatsika, tulo ndinayamba kupeza. Koma madiresi atayamba kukhwepa, anthu anayamba kunong'ona. Kumadirasa anzake a Naima anamufunsa ngati mayi ake ayamba kumwa ma ARV. Mwana anabwera akulira.

Ndinapempha amayi anu kuti tipitire limodzi kukayezetsa magazi, akaone okha. Anakana. Ndinapita ndi achemwali anu a Amida, ndipo anamva ndi makutu awo kuti kachilombo ndilibe. Afunseni. Amayi atauzidwa anangoti ngati si matenda, ndiye ndinenepenso, anthu aleke kunena kuti mwana wawo ku Joni akugonetsa mkazi ndi njala.

Kuyambira pamenepo akumabwera ndi mpunga wonyezimira mafuta, nyama yonona ndi botolo la chakumwa, n'kukhala pakhonde mpaka ndimalize. Ndikawafotokozera za anamwino, amati iwowo anenepa moyo wawo wonse koma sanagwepo pamsika.

Pofuna mtendere ndinadya. Mutu uja wabwereranso. Dzulo kuchipatala anandipeza bipi itakweranso, anamwino anandikalipira. Pamene ndikulemba pano dzanja lamanzere likuchita dzanzi. Ndikukhala pansi, kuimirira, kukhalanso. Ndili ndi mantha, bambo a Naima. Ndikafa ziwalo, anawa adzawasambitsa ndani?

Sindikupempha katundu ayi. Imbirani amayi, muwauze ndi pakamwa panu kuti mkazi wanu mukumufuna wamoyo, ngakhale akhale woonda. Ine sandimvera, koma inu akumverani. Muwanyengererenso akayezetse, chifukwa miyendo yawo ikutupa ndipo akumadandaula chizungulire, ngakhale pamaso panga amabisa.

Ndipo ineyo mundiimbire. Ngati mukukayikabe, mundifunse nokha, ndikuyankhani. Kukhala chete kwanuku n'kumene kukundipweteka kuposa zonena za anthu.

Mawa amayi abweranso ndi mbale zawo. Ndiwalandira mwaulemu, ndiwayalira mkeka, koma chakudyacho sindidya. Akakuuzani kuti ndachita mwano, mudziwe chifukwa chake.

Allah akusungeni kumeneko, akupatseni mtima wondimvetsa. Mupereke moni kwa alamu anga a Swadick ndi onse amene mukukhala nawo. Naima akuti akusowani.

Ndine mkazi wanu,
Hidaya
ku Mangochi