Phewa la Kristina

Kasakula, Ntchisi
9 Malichi 1996

Okondedwa achimwene a Benjamini,

Muli bwanji ku Ndirandeko pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tadzuka, kungoti kudzuka kwake n'koti poti kwacha. Chimanga chamasula bwino, koma msewu wa ku boma wasanduka phala ndi mvula.

Ndalemba chifukwa cha Kristina, mwana wanga woyamba uja. Mu Januwale phewa lake linagulukanso, kachinayi tsopano. Sanagwe n'komwe, ankangotula ndowa ya madzi. Bambo ake, a Stephano, anamutengera pa njinga ku chipatala cha ku boma, ndipo madokotala atalibwezera anatitumiza ku Lilongwe.

Kumeneko tinaonana ndi mayi wina wa mafizo, wofatsa ndithu. Anapinda chala chachikulu cha mwanayu mpaka chinagunda mkono. Anatiuza kuti minyewa yomanga mfundo za mafupa ake ndi yolobodoka chibadwire, ndipo palibe jekeseni kapena piritsi loti n'kuchiza. Chotsala n'kulimbitsa minofu kuti izigwira mafupawo.

Ndiye m'mawa uliwonse timamanga mphira ya chubu cha njinga pa nsanamira ya khonde, iye n'kumakoka pang'onopang'ono, kakhumi kakhumi, ine ndikuwerenga. Akatero amakankha khoma, kenako kuima ndi mwendo umodzi. Kusinja, kusenza ndi kulima pamtsetse anamuletsa. Nanga kwathu kuno munda wopanda mtsetse uli kuti? Ntchito zonse zagwera ine. Odutsa amaseka, ati namwali wamkulu akusewera pamene amake akusenza nkhuni. Tsiku lina anataya mphira ija, nati watopa kukhala choseketsa cha m'mudzi. Ndinamukalipira, koma mphira sanaitole.

Achimwene, pali chimene ndinalakwa. Mayi wa mafizo uja anafunsa ngati kumtundu kwathu alipo wina wotere. Ndinayankha kuti palibe. A Stephano anali pomwepo, ndipo abale awo anayamba kale kunong'ona kuti anakwatira ku mtundu wa magazi oipa. Ndinaopa.

Koma inu mukukumbukira mmene malemu amayi ankamangira maondo ndi nsanza popita kumunda. Nanenso bondo langa lamanzere limachoka m'malo kuyambira ndili mtsikana. Ndimakalibweza ndekha kuseri kwa nkhokwe. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu m'banja, mwamuna wanga amangodziwa kuti ndi nyamakazi.

Sabata yatha Kristina anandipeza kuseriko nditaluma chitenje, ndikukankha bondo. Anaima n'kumangondiyang'ana. Sanalire. Anangondifunsa kuti bwanji ndinamusiya nthawi yonseyi akuganiza kuti ndi yekha wolengedwa molakwika.

M'mawa mwake anamanga yekha mphira pa nsanamira, nati sakoka pokhapokha nanenso ndiime ndi mwendo umodzi. Ndinaima, iye akuwerenga. Ndinafika pa folo n'kugwira khoma. Timachita zimenezi bambo ake akapita kukathyola fodya, ndipo mwanayu tsopano akundisungira chinsinsi chomwe si chake. Zimenezo n'zimene zikundipweteka kuposa bondo.

Mu Epulo tikuyenera kubwerera ku Lilongwe, ndipo ndikufuna ndikanene zoona. Koma a Stephano ayambe amva ali pakhomo pawo, osati pamaso pa anthu achilendo. Chonde bwerani pa Pasaka. Inu ndinu mwini mbumba, amayi munawaona ndi maso anu. Mudzangokhala pambali panga pamene ndikuwauza. Akadzakwiya, adzakwiye inu mulipo. Ndatopa, achimwene, ndipo pandekha sinditha.

Komanso muyang'ane zala za mwana wanu Eveline. Ngati zimapindikira kumbuyo mopitirira, musadikire kuti phewa liyambe laguluka.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, osaiwala azakhali a Elizabeti ku Chilomoni. Ambuye akusungeni mpaka tionane.

Ndine mlongo wanu,
Modesta