Ndinathyola raketi yosankhira mbewu ya apongozi

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 31, ndili pa chikamwini kuno ku Mvera. Mkazi wanga Roza ndimamukonda kwambiri, koma mmene zinthu zilili, mwina sabata yamawa ndikhala ndili kwathu ndi chikwama.

Apongozi anga aakazi, mayi Esitere, ali ndi raketi yamatabwa, chija chomenyera mpira wa tenisi. Anasiya ndi mzungu wina amene malemu amuna awo ankamuphikira. Pamudzi pano ntchito yake ndi kusankhira mbewu ya mtedza. Amathira mtedza woswa pa zingwe zake n'kugwedeza. Wogwa pansi ndi wa nsinjiro, wotsala pamwamba ndi mbewu. Mudzi wonse umabwereka, ndipo wobwereka amalandira ndi manja awiri.

Mwezi watha ndikugulitsa tomato ku Dzaleka, ndinaona pa TV ya m'shopu ina anthu awiri ovala makabudula oyera akumenyerana kampira ndi zosankhira mbewu. Aphungu, mtima unandiwawa. Zaka zinayi ndakhala ndikuwombera m'manja chidole.

Lachinayi apongozi atapita ku Chigwirizano, ndinaitenga ndi mnzanga Yoswa kupita nayo pa bwalo la netibolo. Mpira tinalibe. Tinayamba ndi mandimu, ndipo sindinama, ndili ndi luso. Kenaka Yoswa anaponya peyala losapsa. Zingwe zinaduka, thabwa linang'aluka, peyalalo silinamve kanthu.

Ndinapita nayo ku Lilongwe m'shopu ya zamasewera. Mtsikana wogulitsa anaitana anzake kuti adzaone. Anati, "Bambo, zamatabwazi anasiya kupanga inu musanabadwe." Pa depoti venda wina anandigulitsa ina yabuluu, nati ndiyo yalowa m'malo. Kufika kunyumba Roza anaikhudza n'kulumpha mpaka pakhomo. Inali yophera udzudzu.

Pomaliza ndinapeza ina pa kaunjika, yaikulu mutu, yopepuka ngati phesi. Ndinaipaka polishi wa nsapato wabulawuni, chogwirira ndinachikulunga ndi mphira umene ndinachotsa pa yakale ija, n'kuipachika pa msomali wake. Apongozi maso anayamba kuwavuta, ndiye ndinati zatheka.

Dzana anasankha mbewu. Malichero atatu, mtedza wonse unagwa pansi. Sipanatsale ngakhale kanjere kamodzi pamwamba, chifukwa mabowo a zamakonozi ndi aakulu. Apongozi anangokhala pansi n'kutambalala. Mtedza umenewu ndi chalimbana amene anawasiyira amayi awo, ndipo sanadumphepo chaka osadzala. Anati, "Mbewu ya amayi yatopa. Yatsatira eni ake." Akuti Loweruka agulitsa thumba lonse kwa mavenda. Chakudya akungolawa.

Roza anaona manja a amayi ake ali bulawuni, kenaka anayang'ana nsapato zanga. Anati, "Mukapanda kunena pofika Loweruka ndinena ndine, ndipo njira ya kwanu simunaiiwale."

Ndinene bwanji? Apongozi aakazi sindiyankhula nawo maso ndi maso. Tikakumana panjira ndimapatukira m'tchire. Chonde ndiuzeni kumene ndingapeze raketi yamatabwa ya mabowo ang'onoang'ono lisanafike Loweruka.

F.C., Mvera, Dowa.

A F.C.,

Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Inu wanu wakula mpaka kukafika pa bwalo la netibolo. Ndaseka, sindikubisirani, koma nditafika pa mayi atambalala pansi aja ndinasiya.

Lekani kusakasaka. Mtsikana wa m'shopu uja anakuuzani zoona. Ndipo mutaipeza ina yamatabwa, zingwe zake sizingafanane ndi zimene zagwedezedwa zaka zonsezi. Apongozi anu sakufuna raketi, akufuna mabowo amene anawazolowera.

Yothyokayo ndikhulupirira simunaitaye. Pitani nayo kwa kalipentala aimate ndi guluu n'kuimanga. Mukachoka apo pitani kwa wosoka nsapato, ali ndi ulusi wolimba. Timabowo ta m'mbali mwa thabwalo tikadalipo, timutsogolera pokoka ulusi. Mutenge mtedza dzanja limodzi wokayesera pomwepo. Yoswa ayende nanu, anyamule ndi iye, koma asakhale ndi chipatso chilichonse m'thumba.

Zimenezo ndi zamawa. Zalero ndi pakamwa panu. Mwambo umene ukukuletsani kuyang'ana apongozi kumaso unakupatsaninso ankhoswe. Pitani kwa ankhoswe anu musanadye, muwafotokozere zonse, ndi za polishi zomwe. Akakuperekezani, inu mukanjute chapatali ndi nkhuku yanu, nkhani ayankhule ndi iwo. Muwapemphe kuti mawu oyamba asakhale "pepani". Ayambe ndi kunena kuti mtedza uli bwino. Mayiwo amve zimenezo kaye, adye, apeze mphamvu zokukalipirani.

Akukalipiranidi, ndipo mudzi ukusekani mpaka kukolola. Ana azikuitanani dzina limene simulikonda. Pirirani. Roza akanafuna kukuthamangitsani sakanakupatsani masiku. Mkazi amene wagwidwa ndi magetsi chifukwa cha inu n'kukusungiranibe chinsinsi, ameneyo ndi wogwira ndi manja awiri.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire kuti raketi ikonzedwe kaye kuti mukaulule muli ndi chosonyeza. Kalipentala akati "mubwere mawa" amatanthauza sabata yamawa, pomwe mavenda sachedwa. Kuthyola chinthu ndi ngozi, ndipo akhoza kukhululuka. Koma kuwaonerera akulira maliro a mbewu yamoyo, inu mukudziwa, tsiku lililonse mukuwonjezera mlandu. Thumba lija likakwera njinga Loweruka, chalimbana wa amayi awo akadyedwa wokazinga pa siteji ya minibasi. Zikafika pamenepo musandilemberenso, chifukwa nanenso ndidzakhala mbali ya apongozi.

Aphungu.