Mtambo Achoka mu Nsungwi

Lolemba, 5 Ogasiti 1996

Mtambo wapha galu wa a Gondwe, aneba athu.

Ndinali pa makina, ndikusoka mayunifolomu a sukulu ya mkaka aja. Wogulitsa makala anasiya geti osatseka bwino, tcheni nayo kaya inamasuka bwanji. Ndinangomva kulira kamodzi, kwakufupi. Pofika panja n'kuti atakagwira pakhosi kagalu kaja, Bobo, pakati pa msewu, akukapukusa ngati sanza. Ndinamuthira madzi, ndinamumenya ndi mtengo wa mopu mpaka unathyoka. Anasiya yekha ataona kuti kaleka kuphupha. Kenako n'kubwera kudzandinyambita dzanja, mchira ukugwedera, ngati wagwira ntchito yabwino.

Bobo anali wa agogo, bambo awo a Gondwe, aja anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha. Amaswera pakhonde, kagaluko kali pamapazi pawo. Aona zonse. Kudzuka sakanatha.

Mayi Gondwe sanakalipe. Anangokakulunga m'chitenje n'kulowa nako. Bola akanakalipa.

Amuna anga, a Jonah, ali ku Beira ndi thiraki. Galu ndi wawo, mlandu ndi wanga.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

A Malizani, a landilodi, abwera m'mawa. Mpando anaukana. "Mayi a Tracy, si koyamba izi. Galu uja wa ku golosale mpaka lero akuyenda ndi miyendo itatu. Mwezi uno ukamatha, achoke galu kapena muchoke nonse." Ndinati ndamva. Ndikanatinji.

Ku mpopi azimayi anasiya kulankhula nditafika. Koma ndinamvako mmodzi: "Poizoni wa tameki pa kanyama basi, nkhani yatha."

Ndakhala ndikumuyang'ana Mtambo madzulo ano. Woyera, ubweya wambiri, msinkhu ngati thole. A J. anamugula chaka chija akuba anatithyolera zenera n'kutenga wailesi ndi makina anga akale. Anakamutenga ku Tsabango kwa a Medson, amene amaweta agalu amenewa. Akuti makolo ake anachokera ku Joni, amalondera nkhosa, saopa chilichonse. Zakuti galu aliyense amene adzamuone adzamuyesa fisi, sanatiuze.

Chovuta n'chakuti kwa anthu alibe vuto. Tracy amamukwera pamsana. Nkhuku zimagona pamimba pake. Munthu sangakhulupirire kuti ndi yemwe uja wa dzulo.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Sindinasoke kanthu. Mutu. Fumbi lake la mwezi unoli.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndinapita kuchipatala cha ziweto kukafunsa. Dokotala wake anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati galu wotere si wa m'tauni. Amayenera kukulira m'khola, pakati pa mbuzi, malo aakulu, ntchito yake kuthamangitsa chilichonse cha mano chimene chayandikira. "Inu mwamumanga pa tcheni pakati pa nyumba zodzaza agalu. Akuchita zimene anabadwira." Ndinafunsa ngati pali mankhwala omufatsitsa. Anati kufula kungathandize pang'ono, koma poti wapha kale, asandinamize. Njira ndi ziwiri: jakisoni womugoneka, kapena abwerere kumene anachokera. Akuti woweta weniweni amalandiranso galu wake zinthu zikavuta.

Za jakisoni womuphayo ndinakana.

Pobwera ndinapeza bambo wina akundidikira pa geti, dzina lake Grain, wa ku Mgona, wogulitsa nkhuku. Mbiri yafika kale kumeneko. Akumufuna. Ndinamuuza zoona, kuti amapha agalu anzake. Iye kuseka. "Ndiye wabwinoyo, amayi. Agalu a anthu andimalizira nkhuku. Ndizimumasula, aziwaphunzitsa." Ndinati ndiganize kaye. Sindiganiza. Kumeneko n'kungosamutsa maliro.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Achimwene ku Ntcheu ali ndi mbuzi, koma mudzi wake nyumba iliyonse ili ndi galu. Ayi.

Ndamaliza theka la mayunifolomu. Zipi zatha.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ku Tsabango. Minibasi ziwiri, kenako wapansi mpaka nsapato kufiira.

Nyumba ya a Medson ndi ya mpanda wa njerwa, malata atsopano. Kuseri kuli khola la waya, muli tiana ta agalu toyera ngati thonje, ndendende Mtambo tsiku limene anabwera. Panali banja lina la ku Kawale likusankha.

Ndinadikira. Atandipatsa mpata ndinafotokoza zonse. Anamvetsera akusewera ndi makiyi.

"Amayi, munthu akagula wailesi n'kuiwotcha yekha, saibweza ku sitolo."

Ndinati galu si wailesi, ndipo sitinamuwotche, tinamusunga mmene iwo anatiuzira. Anati kunali kumuphunzitsa. Ndinafunsa kuti kumuphunzitsa chiyani, poti tsiku logula anangoti nsima ndi bonya, tcheni yolimba, basi. Apo anasintha nkhope. "Ine ndinagulitsa kwa amuna anu. Abwere okha." Ndipo anati kuno sangamulandire, awaphera agalu awo obereketsa.

Ndiye akudziwa. Anadziwa kuyambira kale.

Potuluka ndinaima pa banja lija. Mayiyo anali atanyamula kamodzi pachifuwa. Ndinati, "Pepani, kwanuko aneba ali ndi agalu?" Anati inde. Ndinawauza za Lolemba. Sindinakweze mawu. A Medson anandiperekeza mpaka pa geti, osati mwaulemu.

Miyendo ikuwawa. Ndadya mbatata ya dzulo.

Lamulungu, 11 Ogasiti

M'mawa ndapeza nthuli ya nyama mkati mwa mpanda, pafupi ndi bafa. Ife nyama sitinadye sabata ino. Mwayi tcheni siifika pamenepo. Ndaitola ndi pepala n'kuiponya m'chimbudzi. Tracy amasewera pomwepo. Zimenezi ndiye zandiopsa kuposa zonse.

Titaweruka ku tchalitchi ndinalimba mtima, ndinatenga nkhuku n'kupita kwa a Gondwe. Abambowo anangoti, "Ife tikufuna achoke, zina ayi," n'kutuluka. Agogo anali pakhonde pomwe paja, bulangete pamiyendo. Ndinagwada, ndinapepesa. Analankhula nthawi yaitali m'Chitumbuka, mawu akutuluka movutikira, malovu akutsikira mbali imodzi. Mayi Gondwe anawapukuta n'kumasulira: "Akuti musamuphe. Akuti kwawo ku Rumphi anawetapo ng'ombe, agalu otere akuwadziwa. Wolakwa ndi amene anamubweretsa pakati pa nyumba."

Ndinalira pang'ono, zamanyazi.

Pondiperekeza mayi Gondwe anafunsa dzina la wogulitsayo. Nditatchula anaima. Akazi awo a Medson, a Dinah, amakumana nawo ku misonkhano ya Chigwirizano cha amayi a mpingo. "Lachiwiri tipite limodzi," anatero. Ndinati asavutike, olakwiridwa ndi iwo. Anati, "N'chifukwa chake ndikupita. Apongozi anga sakudya."

Lolemba, 12 Ogasiti

Ndinapita ku depoti kukafunsa za a J. Akuti katundu wachedwa ku doko, tsiku lobwera silikudziwika. Ndasiya uthenga, kaya ufika.

Akadzapeza galu wawo kulibe adzati chiyani? Amamukonda kuposa thiraki. Koma iwo amagona m'misewu, wotola nyama za tameki ndine.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Tinapita. Mayi Gondwe anavala bwinobwino ngati akupita ku mgonero. M'minibasi sitinayankhulane zambiri.

Anatilandira ndi a Dinah, mayi wamfupi wa magalasi. Anatiika pa balaza, tiyi, kenako anakaitana amuna awo. Atandiona nkhope inagwa, koma pamaso pa alendo a akazi awo sakanatithamangitsa.

Mayi Gondwe sanatsutsane ndi munthu. Anangofotokoza. Mmene apongozi awo anadwalira, mmene anasiyira kulankhula, mmene mawu oyamba kubwerera anali oitana kagalu kaja. Mmene Lolemba lija anayesera kudzuka n'kugwa pa mpando, iwo n'kuwapeza pansi. Izi ine sindinkazidziwa. Anamaliza n'kumwa tiyi wawo.

A Medson anayamba zija za wailesi. A Dinah anawadula, osakweza mawu. "Bambo, amayiwa si oyamba. Galu uja wa ku Biwi anamuthira tameki. Wa ku Area 24 anachita kuwomberedwa. Ndinakuuzani kuti muziwafunsa anthu kumene akukhala musanawapatse." Kenako anati, "Mbuzi zanu ku Nathenje afisi akutola ngati zawo. Inu agalu a mbuzi mukugulitsa kwa anthu opanda mbuzi."



Mapeto ake a Medson anati, "Apite ku munda wa ku Nathenjeko, koma za ndalama musatchule." Ndinati sindinabwerere zimenezo. Ndinafunsa ngati ku mundako kuli agalu ena. Anati kulibe, wobusa wawo saweta, ndipo malowo ndi otchinga ndi waya. Abwera Lachinayi ndi pikapu.

Pobwerera mayi Gondwe anagona m'minibasi, mutu paphewa langa. Dzanja linachita dzanzi koma sindinasunthe.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Mtambo ndamusambitsa, ndamuchotsa nkhupakupa. Madzi mabeseni angapo, onse ofiira. Tracy ndamuuza. Sanalire, wangokana chakudya n'kukakhala naye kuseri mpaka dzuwa kulowa.

Mayunifolomu ndapereka. Anadandaula kuti ndachedwa.

Lachinayi, 15 Ogasiti

A Medson anabweradi, mochedwa, koma anabwera. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera ngati kukudutsa ukwati. Ine ndinakwera kumbuyo ndi Mtambo, tcheni nditaikulunga m'manja. Galu aliyense wa m'mbali mwa msewu, kuyambira pa msika wa Nsungwi mpaka kudutsa Biwi, ankafuna kumudumphira. Manja atupa, zikhatho zasupuka. Titapitirira nyumba zomaliza anakhala pansi, mphuno m'mwamba, kununkhiza mphepo.

Mundawo uli kutali ndi msewu waukulu. Waya ulipodi, wina wakugwa, ndinawaonetsa a Medson ndipo anauza wobusa kuti aukonze lero lomwe. Mbuzi zitamuona zinamwazika. Iye sanazithamangitse. Anaima chilili, kenako anagona pansi, mutu pa miyendo, akuziyang'ana. Anamuika m'kachipinda ka waya koyandikana ndi khola kuti azolowerane kaye.

A Medson anati wakula osaona mbuzi, mwina aphunzira, mwina ayi. Ndinafunsa kuti akakanika bwanji. "Akakanika ndi wanga. Sadzabwereranso m'tauni, ndipo sindimugulitsa." Pobwerera anandiuza kuti ndikhale kutsogolo. Panjira anangolankhula kamodzi: "Anthu a ku Kawale aja sanabwerenso. Mwandiwonongera msika." Sanakwiye ponena. Ine sindinapepese.

Pochoka Mtambo anauwa, anakanda waya. Sindinacheuke, ndikanatsika.

Ndafika dzuwa likupendeka, ndapeza nsapato za a Jonah pakhomo. Uthenga unawapeza ku Mwanza. Anali kuseri, ataima pa mtengo wa mango pamene tinkamumanga, Tracy atawagwira thalauza. Ndinadikira mkuntho. Ndinali nditakonza kale mawu onse m'pikapu muja.

Anayang'ana manja anga nthawi yaitali.

"Anakwera yekha, kapena munachita kumukoka?"

Ndinati anakwera yekha.

"Kuli mbuzi?"

Ndinati zambiri.

Anagwedeza mutu. Anafunsa za agogo, ndinawauza zonse, mpaka zakugwa pa mpando. Madzi osamba ndinawaikira koma sanasambe. Avala jekete lawo la ku tchalitchi pamwamba pa malaya a fumbi, atuluka. Panopa ndikuwamva akuodira pakhomo pa a Gondwe.