Chikwatu Chabwerera

Mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, iwe, amuna ako ndi ana. Kuno ku Mkanda tilipo, koma mwendo wa abambo ako ukuvutabe.

Dzulo a Zulu, amene ndinawapatsira chikwatu cha mfutso, anandibwezera chosamasula n'komwe. Akuti unachinunkhiza, nuti ukaphika zimenezi madzulo aneba adandaula fungo, ndipo ana anazolowera buledi ndi soseji. Ananena izi pamaso pa anthu, ine manyazi n'kundigwira. Esinati! Khwanya ameneyu ndinathyola ndekha, kufutsa, kuyanika, tsiku lonse ndikulimbana ndi nkhuku.

Nditumizanso, pamodzi ndi nsinjiro. Uwaphikire adzukulu angawo, akane okha. Fungo ukuchita nalo manyazilo ndi limene linakukuza iwe.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mayi ako.