Kanyimbi, Tuluka!

Lachitatu, pa 9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kalata ino ndikulemba nditakhala chammbali pa mpando. Musafulumire kuseka, chifukwa mlandu wake ukukukhudzani.

Za bambo sindikubisirani. Thupi lilipo ndithu, koma maina onse anathawa m'mutu mwawo. Ine amene ndimawasambitsa ndi kuwameta amanditcha "amayi aja". Amakhala pa makina awo osokera n'kumapalasa opanda ulusi, maso ali kukhomo. Kudya nako n'kochita kukakamiza, poti adokotala analetsa tsabola chifukwa cha zilonda za m'mimba.

Mukukumbukira mpikisano wanu uja? Inu uku, bambo uko, mbale ya tsabola wofiira pakati, misozi ili chuchuchu, koma wogonja osapezeka. Inu munkati, "Tsabola wakale sawawa, bambo, tisiyireni ife anyamata." Iwo ankangotola wina. Malemu mayi ankapukusa mutu n'kumati walira mvula walira matope, tionana mawa. Kukacha zinkaonekadi: chimbudzi chimodzi, odwala awiri. Inu munkathamangira kukadzitsekera, bambo ali panja atapindika, akumenya chitseko ndi zibakera. Ife tinkachedwa kusukulu, koma tinkapita titaseka mokwana. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri.

Lamlungu lapitali bambo anakankha mbale ya mpunga osalawa n'komwe. Ndinatopa nazo. Ndinagula tsabola, n'kuwadulira kachidutswa kochepa ngati chikhadabo. Anatafuna, anandiyang'ana, kenako anakankhira mbale ya tsabolayo kwa ine monga ankachitira ndi inu. Ine amene munkanditcha Lilime la Khanda! Ndinatola wamphumphu, ndinatolanso wina, sindinafune kuwakhumudwitsa. Makutu anatseka, mphuno inachucha, koma bambo anamaliza mpunga wonse akumwetulira.

Kutacha ndinaziona. M'mimba munkapotokola ngati wina akufinya chovala chochapa, ndipo tsabola uja anawawa potuluka kuposa polowa. Ndinakhala m'chimbudzimo thukuta likuyenderera, ndikulumbira kuti sindidzayambiranso. Mwadzidzidzi chitseko chinalira: gu! gu! gu!

"Kanyimbi, tuluka! Wagona m'menemo kodi? Nanenso ndikupsa kuno!"

Achimwene, dzina lanu lija, ndi mawu awo omwe aja a kale, amphamvu. Ndinagwira pakamwa. Ndinali nditamaliza, koma sindinatsegule.

"Kanyimbi! Anakutuma ndani kuti ulimbane ndi bambo ako? Tulukatu mwanawe, ndikakuthirire mkaka uziziritse m'mimbamo."

Misozi inkangotsika, chifukwa chitsekocho chikadali chotseka, bambo anali ndi mwana wawo m'nyumba. Koma nawonso anali pa moto, sindikanawazunza. Nditatsegula anabwerera m'mbuyo, n'kukonza kolala ya malaya awo.

"Pepani amayi," anatero mwaulemu, "ndimayesa ndi mnyamata wanga. Simunamuone?"

Ndinawauza kuti mwapita kuntchito, mubwera. Nsanje ndinachita, sindinama, poti amene ndimachapa zofunda zawo ndine. Koma kumva bambo akuitana mwana wawo kunanditsitsimutsa kuposa mmene nsanjeyo inandiwawira. M'mimba munawavuta tsiku lonse, adokotala anandikalipira moyenera, ndipo tsabola wotsala ndinapatsa aneba. Sindingawapatsenso, ngakhale mtima umandinyenga kuti mwina ulendo wina angatchule dzina langa.

Ndikudziwa kuti tchuthi n'chovuta kuntchito kwanuko, ndipo mankhwala amene mumatumiza amafika bwino, zikomo. Koma dzina lanu ndi lokhalo latsala m'mutu mwawo, ndipo sindikudziwa likhalamo mpaka liti. Kuyambira tsiku lija, m'mawa uliwonse amakaima pa chitseko cha kuchimbudzi n'kumagogoda, ngakhale mulibemo munthu. Chonde bwerani, tsiku lina wotsegula adzakhale inuyo.

Mupereke moni kwa alamu. Ana muwauze kuti azakhali awo ayamba kupeza bwino, posachedwa akhala mowongoka. Chitseko chija sindinasinthe kanthu, chotsekera chake chikadali msomali wopinda womwe uja. Dzanja lanu likuudziwa.

Ndine mlongo wanu,
Lilime la Khanda