Kompyuta ya Mayi Kaunjika Sitiizimitsa

Kwa bambo awo a malemu, amuna awo, ana, abale ndi onse amene ankawadziwa,

Ife a bungwe lofufuza za mankhwala talandira modzidzimuka komanso ndi chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya mtsogoleri wa gulu lathu lofufuza pa kompyuta, amene tonse kuno tinkawatchula kuti Mayi Kaunjika. Kunena zoona, ntchitoyi inali itatitopetsa kale, ndipo amene ankatidzutsa tikafooka ndi amene atisiyawa.

Dzinali tinawapatsa mowaseka, iwo n'kulilandira ndi manja awiri. Pamene ena ankalakalaka kupanga mankhwala atsopano, iwo ankafukula akale, a njoka zam'mimba, a mtima, a chifuwa, n'kumawasanthula pa kompyuta kuti aone ngati ena mwa iwo angaphwetse kutupa kwa m'thupi. "Pa kaunjika," ankatero, "amatola chabwino ndi wopirira kuwerama." Pa mulu wa mankhwala osawerengeka anasankhamo ochepa oyenera kuyesedwa, ndipo luso limeneli anaphunzitsa ophunzira ambiri amene lero akudziimira paokha. Ambiri mwa mankhwalawo ankakanika akafika mu labu yoyesera mankhwala. Zikatero, mayiwa ankangovula magalasi, kutikita maso, n'kuyambiranso.

Chimene chinkawalimbitsa sanatibisire. Bambo, mwana wanu ankatiuza kuti nyamakazi inatupitsa zala zanu mpaka munasiya kumanga nokha mabatani a malaya. Mutabwera kudzatenga juzi yawo imene inatsala pampando, munatifunsa kuti, "Nanga mankhwala anga aja, anawapeza?"

Tikuyankheni lero, popeza munthu wamkulu sanamizidwa: sanawapeze. Anatisiyira mtundu umodzi wa mankhwala akale umene pa kompyuta ukuoneka wopatsa chiyembekezo, koma kuchoka pamenepo kukafika m'manja mwa wodwala ndi ulendo wautali, wa kuyesa ndi kuyesanso, ndipo sitingakulonjezeni kuti udzatha msanga, kapena kuti udzatha bwino.

M'malo mwa akuluakulu a bungwe, ofufuza, ophunzira ndi ogwira ntchito onse, ndikupepesa kuchokera pansi pa mtima kwa inu nonse a banja, ndipo ndikupempha Mulungu kuti akupatseni mphamvu pa nthawi imene ifenso zathu zachepa.

Kompyuta ya patebulo pawo ikadasanthulabe mankhwala amene anaipatsa asanapite kuchipatala. Mlonda anafunsa ngati aizimitse, ife tinati ayi. Ikamaliza tidzapitiriza pamene anasiyira, ndipo yankho likadzapezeka, kaya labwino kaya loipa, sitidzatuma munthu, bambo. Tidzabwera tokha kudzakuuzani.

Mayi Kaunjika, mwawerama mokwanira. Usani mumtendere.

Ine,
Mkulu wa bungwe