Nermin akadali pakhomo

LOLEMBA

Tae-gon, 12:06
buku lachiwiri latha dzulo. bambo akufunsa lachitatu. wayamba kuwajambulira mawu ukuwerenga?

Tae-gon, 12:31
Mi-ryeong

Mi-ryeong, 12:50
achimwene pali vuto. lachitatu kulibe

Tae-gon, 12:51
kulibe bwanji? si atatu mabukuwa?

Mi-ryeong, 12:53
kwawo kwa wolemba ku Turkey ndi atatu. m'chikoreya anamasulira awiri okha. ndaimbira osindikiza, akuti womasulira anadwala, lituluka chaka cha mawa

Tae-gon, 12:58
chaka cha mawa

Tae-gon, 12:58
adokotala anati bambo atsala ndi miyezi iwiri. mwina osakwana

Mi-ryeong, 12:59
ndikudziwa

Tae-gon, 13:02
maso sakuonanso olo chala, chakudya masipuni atatu basi. koma ukangotumiza voice note amakhala tsonga ngati mnyamata. mabuku ambiri a mkulu wa ku Turkey ameneyu awamva ndi mawu ako. ndiwauze chani?

Tae-gon, 13:04
ndiye lathera poipa. Nermin wabwerera kwawo ali ndi pakati, waima pakhomo pa bambo ake osagogoda, buku nkutha. m'mawa wonse akungoti kodi agogoda mwanayu kapena ayi

Mi-ryeong, 13:40
auzeni likubwera pa positi

LACHITATU

Tae-gon, 08:15
nanga foni singamasulire?

Mi-ryeong, 08:22
ndayesa. tsamba loyamba ikuti bambo ake a Nermin akusoka mphepo ndi anyezi

Tae-gon, 08:22
kkkkk

Mi-ryeong, 08:30
ndilemba ndekha

Tae-gon, 08:31
iwe??

Tae-gon, 08:33
waiwala zomwe ananena utasiya uphunzitsi kuti uzilemba nkhani? zaka ziwiri sunaponde kuno ku Busan chfkw cha mawu amene aja

Mi-ryeong, 08:41
sindinaiwale. "zolembalemba si ntchito, usandichititse manyazi." nchifukwa chake musawauze pliz

Mi-ryeong, 08:43
mkuluyu ndamuwerenga mokweza masamba 2000, ndikudziwa ndi popumira pake pomwe. akafuna kunena kuti kwagwa mvula amayambira kwa agogo a mwini ambulera

Tae-gon, 08:44
akazindikira ine kulibe

LOWERUKA

Mi-ryeong, 10:12
🎤 mawu ojambulidwa, 24:10
mutu 1

Mi-ryeong, 12:30
zatheka?

Tae-gon, 13:05
amva kawiri. akuti womasulira uyu ndiye wadziwa ntchito kuposa woyamba uja. ndathawira ku bafa kukaseka

Tae-gon, 13:06
adya phala mbale yonse Mi-ryeong. yonse

Mi-ryeong, 13:20
zoona anena choncho? za womasulira?

Tae-gon, 13:21
ndikunamizirenji

LACHINAYI

Mi-ryeong, 09:48
🎤 mawu ojambulidwa, 27:33
mutu 3. sory mawu asasa, chimfine

Tae-gon, 11:57
amva. akuti umwe tiyi wa jinja

Tae-gon, 11:59
koma ine funso langa. mutu 2 Nermin m'malo mogogoda wakalowa kwa aneba. mutu 3 akungosuzumira bambo ake pa windo akusoka zofunda zawo. mpaka liti?

Mi-ryeong, 12:14
sanakonzeke

Mi-ryeong, 12:15
anachoka atatukwanidwa. munthu sangangolowa ngati wachokera ku msika

Tae-gon, 12:16
ukunena Nermin eti

Tae-gon, 14:02
ok

LACHIWIRI

Mi-ryeong, 10:05
🎤 mawu ojambulidwa, 31:02
mutu 4

Tae-gon, 11:10
wachira kwa aneba! mwana wamkazi. bambo misozi mbwee, ineyonso pang'ono

Tae-gon, 11:14
koma pena pake andiuza ndiimitse ndibweze m'mbuyo. katatu. kenako angoyamba kuseka mpaka kutsokomola

Mi-ryeong, 11:15
pati?

Tae-gon, 11:16
pamene mayi wa pa neba uja akumupatsa chakudya atangochira

Mi-ryeong, 11:16
palibe choseketsa pamenepo

Mi-ryeong, 11:19
achimwene

Mi-ryeong, 11:25
adziwa??

Mi-ryeong, 11:40
📞 foni yosayankhidwa

Tae-gon, 11:52
sindinawauze kanthu, ndikulumbira. akuti ndidine batani alankhule okha

Tae-gon, 11:58
🎤 mawu ojambulidwa, 2:46
"Chikujambula chimenechi? Eya, gwira bwino. Mi-ryeong, ndine bambo ako. Mwana wanga, m'mabuku a mkulu uja akazi achira ambirimbiri, ndawerenga ndi maso anga ndisanachite khungu, ena wandiwerengera wekha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamwetsedwa msuzi wa ndere za m'nyanja. Umenewo ndi wathu kuno. Malemu mayi ako anaumwa milungu itatu utabadwa iwe, mpaka kudana nawo. Ndiye mayi wa ku Turkey uja wautenga kuti, wothira ndi mafuta a chitowe omwe? Hehe. Ndinayamba kukayika pa mutu woyamba. Mkulu uja ndimamukonda, koma sanalembepo mutu wopanda potopetsa, pakatikati ndimawodzera ndithu. Yakoyi ndamva yonse maso ali gwa, ngakhale kuti ndi maso osaona. Mawu aja ndinalakwa. Ndinalankhula ndi mantha, kuopa kuti udzavutika, ndiye wokuvutitsa ndinakhala ine ndemwe. Iyi ndi ntchito, ndipo ukuidziwa. Koma a wolemba, ndili ndi dandaulo limodzi. Mitu inayi yatha mwanayu ali kwa aneba. Bambo akewo ndi nkhutukumve, ndikuwadziwa bwino, koma chitseko sanakhome. Komanso masamba awo atsala ochepa. Basi, zimitsa iwe."

Tae-gon, 12:40
wamva?

Tae-gon, 13:55
ndikuona kuti wamvera. kanayi

Tae-gon, 15:10
agona. asanagone afunsa ngati wayankha, ndati uli pa ntchito

Mi-ryeong, 16:21
ndinkayesa aliyense padziko akachira amamwa msuzi wa ndere

Mi-ryeong, 16:21
sindinaganizeko nkomwe

Tae-gon, 16:22
kkkk masamba 2000

Mi-ryeong, 16:24
musandiseke ndikulira pa siteji ya basi anthu akundiyang'ana

Mi-ryeong, 16:37
mutu 5 sindijambula. sitima yochoka ku Seoul loweruka 8:05, ndidzawawerengera ndili pompo

Tae-gon, 16:38
loweruka lomweli? si birthday yako?

Mi-ryeong, 16:38
inde

Tae-gon, 17:03
adzuka, ndawauza. angoti ndikagule ndere ndi nyama ya ng'ombe, za msuzi uja timamwanso pa birthday. akuti aphika okha, ine ndizingowauza pamene pali mphika

LOWERUKA

Tae-gon, 10:50
msuzi wapsa. mchere waonjeza koma usanene

Tae-gon, 11:20
wafika pati? avala malaya a kolala, akungotchera khutu ku masitepe

Mi-ryeong, 11:34
ndili pakhomo

Mi-ryeong, 11:39
achimwene ndigogode?

Tae-gon, 11:39
usagogode. anandiuza nditsegule kuyambira 6 koloko